Mbale Yosasungunuka

Wapolisi anatulutsa kathumba ka pulasitiki m'jekete n'kukaika patebulo, pakati pa rimoti ya TV ndi Baibulo la Zelipa. Munali chidutswa cha galasi, chochindikala, chosaposa chikhatho cha mwana.

"Ili si botolo, Mrs Kachingwe," anatero. Dzina lake anali Rowland, mzungu wamimba yake, wolankhula Chingerezi cha ku West Bromwich chija chimamveka ngati munthu ali ndi mbatata yamoto m'kamwa. "Ndi tako la mbale ya mu uvuni, zija amati Pyrex. Tachipeza pansi pa makina ophwanyira mabotolo, pamalo pomwe amuna anu amagwira ntchito okha."

Zelipa anali atangofika kuchokera kuchipatala ku Edgbaston, yunifomu ya unesi ikadali m'thupi, mapazi akuwotcha. Mwamuna wake Rapson anakhala kumapeto kwa sofa, manja ali pakati pa mawondo. Anali atamuimitsa ntchito, ndipo kukhala panyumba kunali kutamufooketsa ngati matenda.

Rapson anali mphunzitsi wa sayansi ku Dedza asanatsatire mkazi wake kuno. Fakitale ya magalimoto ya ku Longbridge, komwe ankagwira ntchito, itatsekedwa chaka chatha, mnzake wa kutchalitchi, Levison, ndiye anamupezera ntchito yosesa pabwalo la fakitale ya mabotolo. Anafika nthawi yomwe boma linali litawapanikiza eni ng'anjo zikuluzikulu. Aliyense anamudulira malire a mpweya wotenthetsa dziko womwe angatulutse pachaka, ndipo wodutsa malirewo ankagula chilolezo chowawa m'thumba. Tsono ng'anjo ya galasi siizima. Imamwa gasi usana ndi usiku, ndipo mchenga, soda ndi laimu zikamasungunuka zimatulutsanso mpweya wakewake. Koma mabotolo akale safuna moto wambiri, ndipo mpweya wawo anautaya kalekale. Rapson, ndi pakamwa pake pauphunzitsi, anauza bwana wa pafakitalepo, dzina lake a Bishop, kuti iye atha kusonkhanitsa mabotolo akale m'matchalitchi, m'mabala ndi m'makalabu, n'kumawasankha yekha ndi manja asanalowe m'makina. Utsi unatsikadi. Anamuvula chipewa chabuluu cha antchito wamba n'kumuveka choyera.

Mdani wa ntchitoyo anali mmodzi: galasi la mu uvuni. Linapangidwa kuti lisaope moto, choncho m'ng'anjo silisungunuka. Limakatulukira m'khoma la botolo latsopano ngati kamwala, botololo n'kumangodikira tsiku lophulika. Limodzi linaphulikira kumaso kwa Helen, mayi wolongedza mabotolo, ndipo madokotala anali asananene ngati disolo lidzaonanso. Fakitale inasiya mabotolo akale n'kubwerera ku mchenga, utsi unakweranso, malire a boma ali pafupi kudutsidwa. A Bishop ankafuna khosi loti amangepo chingwe, ndipo lapafupi linali la Rapson, yemwe anakangana nawo pagulu mwezi watha pa nkhani yothamangitsa lamba wosankhira mabotolo.

"Mulu womwe munali ichi unaphwanyidwa Lachiwiri lija kunabwera woyendera wa boma," Rowland anapitiriza. "Kaya anachiphonya, kaya anachiponyamo dala pokwiyira bwana wake. Lachisanu m'mawa abwere kupolisi. Ngati sipakhala chatsopano, timutsegulira mlandu."

Zelipa ananyamula kathumbako n'kukayang'anitsa kuwindo. Pakona pa chidutswacho panali kamtanda kakang'ono ka pepo.

"Utoto chabe," anatero Rowland. "Mwina wa kusitolo."

Sunali wa kusitolo. Mzimayi aliyense wa ku Malawi wokhala ku Birmingham akanamuuza. Pamaliro, pa shawa, paphwando la pa 6 Julaye, mbale zimasonkhana zambirimbiri, zonse zogula m'masitolo amodzimodzi, ndipo ukapanda kuchenjera yako imapita ku Coventry osabweranso. Ndiye aliyense amailemba kutako ndi kyutekisi wake. Zelipa ankalemba Z wofiira. Kamtanda ka pepo kanali ka Roselyn, mkazi wa Levison, uja woimba soprano, woseka ngati akupepesa.

"Mukuchidziwa?" Rowland anafunsa.

"Ayi," anatero Zelipa.

Anacheukira mwamuna wake. Rapson anali akuyang'ana kapeti ngati waiona koyamba.

* * *

Galimoto ya wapolisi isanakhote pakona, Zelipa anali atatseka kale chitseko.

"Bambo a Tiwa."

"Mayi."

"Mbale ya Roselyn imafuna chiyani kuntchito kwanu?"

Rapson anakonza kukhosi. "Tiyeni tiyambire pachiyambi. Mfundo yoyamba ndi yakuti…"

"Sindine wa Form Two. Ndati mbale."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono ngati minga yochotsa ndi singano. Chiyambire Zelipa ma-long day, mashifiti a tsiku lonse kuchipatala, Rapson ankanyamula buledi ndi tiyi wa m'fulasiki. Levison anakanena kunyumba kwake moseka. Roselyn anamva chisoni, n'kuyamba kupakula mbale ziwiri, ndipo masana aliwonse Levison ankabweretsa imodzi kubwalo la mabotolo.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira… cha m'ma Easter."

"Easter! Uno ndi November!" Zelipa anamva magazi akuthamangira kumakutu. Iye kumasambitsa odwala, kumathamangira basi m'mvula, mwamuna wake akunenepa ndi ndiwo za mkazi wina, iye n'kumati ndi mpweya wa ku England. "Nanga mbale mumabweza bwanji? Musandiuze kuti mumabweza yopanda kanthu. Amayi anu sanakulereni choncho."

"Malalanje. Nthawi zina… chokoleti."

Chokoleti. Zitini zija achibale a odwala amasiya ku wodi, zomwe Zelipa ankabwera nazo kunyumba n'kumadabwa kutha kwake. Anali atamukalipirapo mwana wawo Tiwa mpaka kumuliza. Anakhala pansi.

"Lachiwiri limenelo munadya chiyani?"

"Sikunabwere chakudya. Masana ndinali ku office, inspector ankafuna kuona ma-figures a utsi, kenako anatijambula chithunzi. Nditabwerera ku yard sindinapeze kanthu. Mawa lake Levison anati madam atopa, asiya kuphika. Ndikanafunsa bwanji, mayi? Chakudya chopatsidwa sufunsa."

"Ndiye wapolisi simunamuuze bwanji?"

"Chizindikirocho ndachiona lero, limodzi ndi inu. Ndikanati mbaleyo ndi ya ndani, inu muli pomwepo?"

Amuna! Munthu wophunzira bwinobwino, wodziwa kulemera kwa utsi, koma wokonzeka kulowa ndende kusiyana n'kuvomera pamaso pa mkazi wake kuti anadya kwina.

"Nanga mbale ya Lolemba ili kuti?"

Rapson analoza panja ndi mlomo.

Anaipeza m'buti ya galimoto, pansi pa tayala lapadera, yokulungidwa m'thaulo lake lomwe. Mbale yokongola, ya chivundikiro chake, yotsukidwa mpaka kuwala. Panyumba pano Rapson sanatsukepo kapu chikwatiraneni. M'katimo munali malalanje atafota, ena atayamba nkhungu. Kutako kunali kamtanda ka pepo.

Zelipa anakhuthulira malalanjewo m'bini, n'kuika mbaleyo m'chikwama chake cha kuntchito.

* * *

M'mawa mwake anasinthana shifiti ndi mnzake, n'kukwera basi kupita m'tauni, kenako sitima ya Metro ya ku West Bromwich. Njira yonse ankaphika mlandu m'mutu, ndipo unkapsa bwino. Roselyn anamufuna Rapson, Rapson anakana, Roselyn n'kuphwanya mbale yake n'kuisakaniza m'matumba a mabotolo a kutchalitchi. Zelipa ankafuna kuti zikhale choncho. Ankafunitsitsa, mpaka anamuona kale m'maganizo akumukweza m'galimoto ya apolisi, duku litagwa.

Roselyn ankagwira ntchito madzulo kunyumba yosungira okalamba, choncho anamupeza. Anatsegula chitseko ali m'chitenje ndi juzi, zikhadabo zili pepo.

"Asisi! Mwatiyendera? Ambuye ndi wabwino. Lowani, ndiike ketulo."

"Tiyi ndamwa."

Roselyn anamva kuti ulendowu si wocheza. Anakhala pamphepete pa mpando. Zelipa anatulutsa mbale ija n'kuitembenuza, kamtanda kali m'mwamba.

"Inzake ya iyi ili kupolisi, mayi a Kai. Yophwanyika. Ndi imene yatsala pang'ono kuchititsa munthu khungu, ndi imene ikukawalowetsa amuna anga m'ndende."

"Ambuye Yesu!" Roselyn anagwira pakamwa. "Asisi, ine ndinkangomva chisoni. Munthu wamkulu, buledi wouma tsiku lililonse, kuzizira kumeneku…"

"Chisoni chanu chili ndi ndiwo zabwino. Lachiwiri lija kunabwera inspector munaphika?"

"Ndinaphika. Bambo a Kai ananyamula zonse ziwiri ngati masiku onse."

"Inabwerera?"

"Sinabwerere. Madzulo anandiuza kuti inuyo mwadziwa, mwapita ku fakitale mwalanda mbale, ndipo mwati ndikapitiriza mukandineneza kwa abusa. Ndinalira, asisi. N'chifukwa chake masiku ano ku church ndimakhala kumbuyo. Ndimaopa maso anu."

Mlandu wa Zelipa uja, womwe anauphika bwinobwino m'Metro, unayamba kutayikira. Mbale inachoka m'nyumba muno. Kwa Rapson sinafike. Uku anauzidwa kuti wophika watopa, uku anauzidwa kuti mkazi wa mwini walanda, ndipo onse awiri anatseka pakamwa ndi manyazi. Pakati pawo panali munthu mmodzi yekha, wonyamula.

Zinamukwiyitsa kuti Roselyn ankanena zoona. Komabe sanabwere kudzabwerera chimanjamanja.

"Munaikamo chiyani?"

"Mpunga ndi nkhuku."

"Ya ku supermarket?"

"Ayi, hard chicken ya ku market ya ku Bull Ring, zija zimabwera ndi zam'kati. Bambo a Kai ananena kuti kubwera inspector kudzaona ntchito ya a Kachingwe, ndiye ndinati lero ndi tsiku lalikulu…"

Wapolisi wa kuno akanalekera pomwepo. Koma Zelipa anakulira ku Ntcheu, ndipo ankadziwa funso lotsatira. Nkhuku ili ndi miyendo iwiri, mapiko awiri, koma nthutumba ndi imodzi. Kwathu imeneyo ndi ya mwini khomo. Mabanja anathapo chifukwa cha kanyama kameneko.

"Nthutumba inapita m'mbale ya ndani?"

Roselyn anayang'ana zikhadabo zake.

"Mayi a Kai, ndakufunsani."

"Ndinaiika pansi pa mpunga," anatero motsitsa mawu. "Bambo a Kai anali akusamba. Palibe anaona. Sindinauzepo munthu, asisi, ndinu oyamba."

"M'mbale ya ndani?"

Misozi inayamba kutsika, yankho osatuluka. Silinafunikenso.

"Munaibisa," anatero Zelipa akubweza mbale m'chikwama. Zipi inakana kutseka. "Munthu wachisoni sabisa."

* * *

Chumuni cha fakitale chinkaonekera patali, kautsi koyera kakutsetsereka pamwamba pa madenga onyowa. Moyang'anana ndi geti munali kakafe komwe antchito amadyeramo akaweruka shifiti ya m'mawa. Levison anali pakona ndi kapu ya tiyi, chipewa chake chabuluu chili patebulo. Anali mwamuna wamapewa ake, wa ku Mchinji koma wokulira ku Chipata, ndipo Chinyanja chake sichinasiyane nako.

"Ah, mulamu! Mwabwera kutiona? Bwanji a teacher ku nyumba? Nkhani yoipa maningi iyi."

"Ali bwino, alamu. Ndikungoyesa kudziwa amene anafika ku yard Lachiwiri lija."

"Ine nili ku hot end, mulamu, ku moto. Ku yard nikafuneko chani?"

"Chakudya simunapititse?"

Levison anasonkhezera tiyi amene anali atasonkhezera kale. "So mwaziba. Week imene ija sininanyamule chilichonse. Madam anatopa."

Bodza loyamba. Zelipa analisunga osalikhudza. Odwala anamuphunzitsa kuti munthu ukamutsutsa amatseka pakamwa, ukamusisita pamene pakupweteka amakuwa yekha.

"Zandimvetsa chisoni," anatero. "Inu ndi amene munawapezera ntchito. Lero akanakhala kuti popanda inu?"

"Mwaona? Imwe mwaona!" Levison anagunda chipewa chake ndi chala. "Ine zaka zonse izi pa moto, nsidze zinapsa, onani. Munthu nabwera naye ine, namuphunzitsa kugwira tsache. Government yabwera na lamulo ya utsi, manje ni bwana wa mabotolo. White helmet. Chithunzi pa notice board, wagwirana chanza na inspector. Ife tisungunula glass, beve atola mabotolo ya Fanta ku church, ati apulumutsa dziko."

"Komabe munkadya mofanana, alamu. Ndachokera kwa madam. Ndinapita ndi ukali, koma ndachita manyazi. Mkazi wanu ndi wa chilungamo. Akuti ankapakula mbale ziwiri zofanana ndendende, osakondera. A Kachingwe ankawaona ngati mlongo wawo basi."

"Zofanana?" Levison anaseka, kuseka kouma, mpaka mzungu wa patebulo lina anacheuka. "Zofanana! Ine khosi na mapiko, teacher nthutumba! Nkhuku nagula ine, na ma-overtime yanga, nthutumba yabisiwa pansi pa mpunga monga…"

Mawu anathera m'kamwa.

"Monga chiyani, alamu?"

"Madam ananiuza."

"Madam sanauzepo munthu. Inu munali m'bafa. A Kachingwe mbaleyo sanaione n'komwe. Nthutumba imeneyo anaiona ndi munthu mmodzi yekha, amene anavundukula n'kufukula mpunga. Ndipo mwangondiuza kuti week imeneyo simunanyamule kanthu."

Levison anayang'ana pawindo, kugeti la fakitale. Atayambanso kulankhula, mawu anali atatsika.

"Nafika pa yard, kulibe. Nayangana ku office, ali pa window, amukoka chithunzi, aseka. Nati lekani nitoleko kanyama kamozi, nkhuku ni yanga. Navundukula." Anakankhira kapu pambali. "Makina yenze yalira pafupi, kukamwa kuli gwaa. Mulamu, imwe mukanachita chani?"

Apa ndi pamene Zelipa anachita mantha, chifukwa yankho analidziwa. Akanaponya. Akanaponya mbale, chivundikiro, ndi chipewa choyera chomwe. Moto umene unali m'maso mwa mwamuna uyu ndi womwewo anagona nawo iye dzulo. Kwa kanthawi kochepa anangoyang'anana ngati anthu odwala nthenda imodzi.

Koma Levison ankadziwa chimene galasi la mu uvuni limachita m'ng'anjo. Akanatha kuimitsa makina, akanatha kunena. Anasankha kukhala chete, diso la Helen n'kuphulika, chingwe n'kugwera m'khosi mwa mnzake.

"Mukanene nokha kupolisi," anatero Zelipa.

Levison anavala chipewa chake n'kuimirira. "Mau yanu na yanga. Muzakamba chani kuli muzungu? Ati gizzard? Azaseka. Mbale anaiona ikuchoka pa nyumba ni munthu umozi chabe." Anawerama pang'ono. "Ndipo uyo ni mkazi wanga."

* * *

Rowland sanaseke, koma pafoni panamveka kuti akulimbana nako. Zelipa anaima pa siteji ya Metro, mphepo ikumumenya, n'kumufotokozera za kyutekisi, za wonyamula wa mabodza awiri, za kanyama kamodzi m'nkhuku.

"Ndakumvani, Mrs Kachingwe," anatero pomaliza. "Koma inu ndinu mkazi wa woganiziridwa, ndipo zimene mwamva m'kafe iye akazikana. Ndikufuna mwini mbale abwere yekha, anene kuti ndi yake, ndi kuti tsiku limenelo anaipereka m'manja mwa ndani. Dziwaninso kuti pa mlandu ngati uwu lamulo silimukakamiza mkazi kuchitira umboni mwamuna wake. Akakana, wakana."

Kenako Zelipa anaimba nambala ya Roselyn.

"Mayi a Kai, ndi amuna anu. Avomera pamaso panga, koma kupolisi akakana. Lachisanu m'mawa. Mukabwera, amuna anu alowa m'malo mwa anga. Mukapanda kubwera, anga amangidwa."

Kumbali inayo kunangomveka kupuma. Kenako foni inaduka.

Lachinayi lonse Zelipa anagwira ntchito ngati munthu wobwereka thupi. Ankagawa mankhwala, kuyeza magazi, kumwetulira odwala, m'mutu muli mapemphero awiri okangana. Ambuye, abwere, bambo wa mwana wanga asalowe ndende. Ambuye, asabwere. Pakuti mkazi amene angapereke mwamuna wake kupolisi, bambo wa mwana wake, mwini lendi ya nyumba, kuti apulumutse mwamuna wa mnzake, ameneyo si wachisoni ayi. Akabwera, ndiye kuti nthutumba ija sinasochere.

* * *

Lachisanu kunacha ndi chifunga. Rapson anavala suti yake ya kutchalitchi, ndipo njira yonse sananene mfundo ngakhale imodzi. Zelipa anafumbata chikwama pamiyendo, mbale ili momwemo.

Polandirira alendo kupolisi panali benchi, chikwangwani cha njinga zobedwa, ndi mnyamata wa yunifomu kuseri kwa galasi. Roselyn panalibe.

Zelipa anakhala pansi, ndipo chinthu chochititsa manyazi chinachitika mumtima mwake: unapepuka. Sanabwere. Wasankha wake. Kanali kachisoni chabe, ka mzimayi wopusa wokonda kuphika. Kenako anacheukira Rapson, n'kukumbukira chimene kusabwera kwa Roselyn kunkatanthauza. Anamugwira dzanja. Linali lozizira ngati chitsulo.

Chitseko cha m'kati chinatseguka.

Anatuluka Rowland. Kumbuyo kwake kunali Roselyn, m'chikhoti chakuda, maso atatupa, akukoka kasutikesi ka matayala.

"Anafika ndisanatsegule n'komwe ofesi yanga," anatero Rowland. "Wanena zonse, ndipo anzanga apita kale ku fakitale. Mr Kachingwe, lero mulibe mlandu pano, pitani kunyumba. A Bishop ndilankhula nawo ndekha. Mrs Kachingwe, mbale ija mwabwera nayo?"

Zelipa anaitulutsa. Rowland anaitembenuza, n'kuika kathumba kaja pambali pake. Timitanda tiwiri ta pepo, dzanja limodzi. Anajambula chithunzi, n'kuibweza, n'kulowanso m'kati.

Rapson anali ataimirira, chipewa chili m'manja. "Mayi a Kai, sindikudziwa kuti ndiyambire pati kuthokoza. Choyamba…"

"Bambo a Tiwa, kadikireni m'galimoto."

Anapita.

Anatsala awiri. Zelipa anayang'ana kasutikesi kaja.

"Mukupita kuti?"

"Kwa cousin wanga ku Wolverhampton. Kai ndinamupititsa dzulo." Roselyn anapukuta mphuno. "Sindikanatha kugona, asisi, munthu wosalakwa ali m'ndende."

Munthu wosalakwa. Sanathe ngakhale kutchula dzina lake. Zelipa anafuna kumukumbatira, anafunanso kumukanda kumaso, ndipo zonse ziwiri zinali zochokera pansi pa mtima. Mkazi uyu anali atagwetsa nyumba yake ndi manja ake kuti ya Zelipa iime. Ngongole yotere ilibe pobweza, ndipo chifukwa chimene anachitira chinali chowawa kuposa ndende.

"Zikomo," anatero Zelipa. "Mbale yanu iyi."

Roselyn anailandira ndi manja awiri, mwaulemu wa kwathu. Sanavundukule. Galasi limaonetsa m'kati, ndipo kupepuka kwake kunali kutamuuza kale. Chibadwire chake, palibe anamubwezerapo mbale yopanda kanthu. Anayang'ana Zelipa m'maso, koyamba chiyambire nkhaniyi.

"Ndamva, asisi."

Anatuluka limodzi, Roselyn n'kulowera kumanzere ku siteji ya Metro, matayala a sutikesi akulira pamiyala, mbale ataikumbatira pachifuwa. Zelipa analowera kumanja, kumene anaimika galimoto. Mwamuna wake anali mfulu, chipewa choyera chikumudikira. Kunja kunkazizira koopsa, koma Rapson anali atatsitsa galasi la galimoto mpaka pansi, khosi atalitulutsa panja, ndipo maso ake sanali pa mkazi wake.